Phazi la Phulusa

Ndikukumbukira chaka chimene tinasamukira ku Brampton, m'dziko la Canada, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, mtsikana wosayankhula. Aphunzitsi akandifunsa funso m'kalasi ndinkayang'ana pa desiki ngakhale yankho ndikulidziwa. Kunyumba mawu anga anali "ee" ndi "ayi". Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba madzulo m'kabuku kanga, ndipo ndinkalemba m'Chichewa, chifukwa ndinachoka nacho ku Lilongwe ndili wamkulu ndithu, ndiye ndinkaopa kuti ndikachisiya chindithawa monga chinathawira ana a anzathu obadwira kuno.

Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Mississauga. Ankawasambitsa, kuwatembenuza pabedi ndi kuwatsuka mabala. Tsiku lina anabwera kuchokera kuntchito atanyamula katoni ya matewera a akuluakulu, m'katimo muli kagalu. Mnzawo wa kuntchito anali ndi galu amene anaswa ana ambiri. Amayi anaika katoniyo pamiyendo panga nanena kuti, "Mwina uyu ndiye uzimuyankhula."

Anali wotuwa ngati phulusa la m'mbaula, makutu ogwa, mapazi aakulu kuposa msinkhu wake. Ndinamutcha Phulusa.

Abambo, amene ankayendetsa makina onyamulira katundu kumalo osungirako katundu pafupi ndi bwalo la ndege, anamuyang'ana nthawi yaitali ali chiimire ndi jekete lawo. Kwa iwo galu anali wa pabwalo, wodya mkute ndi kuuwa akuba. Koma kuno pabwalo kunali kuzizira koti kagalu sikangaone m'mawa, choncho anavomera monyinyirika.

"Akhale, Tiyamike. Koma tsiku limene adzabweretse manyazi m'nyumba muno, achoka. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndinkaganiza kuti akunena za kukodza pakapeti, ndiye ndinalimbikira kumuphunzitsa. Ndinkadzuka kusanache kukamutulutsa, ndinkamupukuta mapazi tikabwera koyenda kuti mchere umene amawaza m'misewu pofuna kusungunula sinoo, chipale chofewa chija, usamuwotche, ndinkatola ubweya wake pasofa ndi zala abambo asanafike. Ndipo amayi ananena zoona. Ndinkamuyankhula. Ndinkamuuza za atsikana amene ankandiseka kalankhulidwe, ndi za yankho limene ndinalidziwa koma sindinaimike dzanja. Iye ankapendeketsa mutu, ine n'kumva mawu anga akutuluka athunthu.

Phulusa ali ndi miyezi isanu, sinoo itaunjikana m'mbali mwa misewu, kunabwera abambo aakulu, mkulu wawo wa abambo anga, kuchokera ku Ntcheu kudzaona nyumba yathu yatsopano. Ndiwo analera abambo agogo atamwalira, ndipo ng'ombe zawo ndi zimene zinaphunzitsa abambo sukulu. Abambo anga, munthu amene ankakalipira madalaivala anzawo pamsewu waukulu mpaka mitsempha kuoneka m'khosi, pamaso pa mkulu wawo anasanduka kamnyamata. Ankakhala pampando wotsika, ankalandira chilichonse ndi manja awiri. Amayi ankagwada powapatsa madzi osamba m'manja ngakhale mpopi unali pomwepo.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti anali munthu woopsa. Anali ansangala, oseka mokweza, ogontha pang'ono khutu limodzi, ndipo chipewa chaubweya chophimba makutu sankachivula ngakhale m'nyumba. Phulusa anawakonda tsiku lomwelo.

"Galu wogona pakapeti, wokhala ndi mbale yakeyake," ankatero akumusisita pamimba. "Iwe mnzanga unasankha bwino kobadwira. Ine ndinaphonya."

Kwawo ankadziwika ndi kumanga mafupa. Ng'ombe ikagwera m'dzenje, mbuzi ikathyoka mwendo, ngakhale anyamata ovulala pampira, onse ankapita kwa iwo, ndipo ambiri ankachira.

Loweruka lina kunabwera anthu kudzawalonjera. M'balaza munadzaza Amalawi a ku Mississauga ndi a m'tauni, ndi banja lina la ku Chipata, nsapato zonyowa zitaunjikana pakhomo. Phokoso linamusokoneza Phulusa, ndiye ndinamutulutsira kuseri kwa nyumba. Masitepe a kuseriko anali a matabwa okhala ndi mipata, ndipo tsiku limenelo anali ataundana madzi. Anatsika mothamanga, anaterereka, phazi lakutsogolo lakumanzere linalowa pampata. Analira kamodzi, kulira kosongoka, kenako anaima ndi miyendo itatu, phazi lija ali nalo m'mwamba, akundiyang'ana.

Ndinamunyamula kupita naye kukhitchini. Ndinaunika phazilo ndi tochi, chala ndi chala. Chala chimodzi chapakati chinali chitayamba kutupa, ndipo chikhadabo chake chinali chitang'ambika kumphepete, timagazi tikutuluka. Ndikachikhudza ankabweza phazi, koma sankalira. Amayi anasiya mpeni umene ankadulira anyezi, nagwada pambali panga, nakhudza chalacho mosamala monga ndinkawaonera akuchitira ndi ine ndikavulala.

"Sindikukhulupirira kuti chathyoka," anatero chapansipansi. "Asathamange lero ndi mawa. Lolemba akapanda kuponda tipita naye kwa dokotala wa ziweto, paja alipo pafupi ndi sitolo ya mankhwala."

Zikanathera pomwepo. Koma mayi wina anali atalowa kudzatenga mbale, ndipo anabwerera kubalaza ndi nkhani. Posakhalitsa ndinamva mawu a abambo aakulu.

"Galu wavulala? Bwerani naye kuno. Dokotala wa chiyani ine ndilipo?"

Anthu anaseka mokondwa. Bambo wa ku Chipata uja anati galu wamkota sakandira pachabe, onse n'kuombera m'manja. Abambo anandikodola, ndipo ndinalowa ndi Phulusa pakati pa miyendo ya anthu. Abambo aakulu anamugoneka pamiyendo pawo. Manja awo anali odziwadi ntchito, odekha, ndipo Phulusa anangoti zii. Anapsinja chalacho, iye n'kulira pang'ono.

"Chathyoka ichi. Mukachisiya chipola chokhota. Ndipatseni timitengo tiwiri ndi luzi."

Timitengo tinapezeka, tija ta aisikilimu. Koma luzi ku Brampton mungalipeze kuti? Anthu anasekanso, wina akuti tikasende mtengo wa boma wa pamsewu tikamangidwe tonse. Abambo anapita kugalaja nabwera ndi tepi yakuda yomangira mawaya a magetsi.

"Luzi la kuno ndi ili, achimwene."

Abambo aakulu anaikoka tepiyo, naona mmene ikutamukira, nagwedeza mutu movomera. Anaika timitengo uku ndi uku kwa zala ziwiri zapakati, nayamba kukulunga. Ankakoka mwamphamvu monga amakokera luzi, pakuti luzi laliwisi mukamanga limadzalekerera pang'ono, mphepo imalowa, ndipo likamuvuta galu amalitafuna n'kulichotsa. Tepi ija sinali choncho. Mukaikoka imafuna kubwerera, ndiye imafinya usana ndi usiku. Iwo sankadziwa zimenezo, anali asanaigwirepo. Pomaliza abambo anavula sokosi yawo ina yakale naiveka pamwamba kuti Phulusa asatafune.

"Musamasule mpaka fupa ligwirane," anatero abambo aakulu akupukuta manja. "Ndizimuona ndekha m'mawa uliwonse."

Anthu anayamikira. Ine ndinayang'ana amayi. Anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi thireyi m'manja, maso ali pa phazi lija, milomo itatsekeka zolimba. Kenako anatembenuka nakaika thireyi patebulo.

M'mawa mwake Phulusa sanadye. Ankangoluma sokosi ija, ndikamuletsa n'kubisa mutu pansi pa mkono wanga. Potuluka kukadzithandiza sokosiyo inkanyowa ndi sinoo, ndipo ngakhale ndinkaiumitsa ndi makina oumitsira tsitsi, madzi anali atalowa kale pansi pa tepi. Ndinakweza sokosi kuti ndione nsonga za zala. Zinali zitatupa ngati nyemba zonyikidwa, ndipo zinali zozizira. Mapazi ena atatu anali ofunda.

Ndinawapeza amayi m'chipinda chochapira akupinda yunifolomu.

"Amayi, zala zake zazizira."

Sanadabwe. Anapita nane, nakanikiza nsonga ya chala ndi chikhadabo chawo, nadikira kuona ngati magazi abwerera. Ndinkadziwa zimene akuchita chifukwa iwo omwe anandiuzapo kuti kuntchito bandeji imatchekedwa choncho. Anakanikizanso kachiwiri. Kenako anabwezeretsa sokosi.

"Abambo ako aakulu anyamuka Loweruka."

"Koma amayi..."

"Tiya, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndine mkazi wokwatiwa pabanja lawo. Anthu onse aja aona iwo akumanga. Ndikamasula ine, ndiye kuti ndanena chiyani? Pirira. Akangokwera ndege tipita naye."

Lolemba madzulo ndinayesa kwa abambo. Ndinawadikira pagalaja akutsika m'galimoto, kuti tikhale awiri. Ndinali nditakonzekera mawu anga tsiku lonse kusukulu, koma anatuluka atatu okha, oti tepi yathina kwambiri.

"Iwe ukudziwa kuposa munthu amene wamanga miyendo ya ng'ombe ine ndisanamere mano?" Sanakalipe, ananena motopa, akuchotsa sinoo kunsapato. "Kupweteka ndiye kuchira kwake. Mawu a akulu akoma akagonera. Usandipanikize, ndatopa."

Abambo aakulu ankamuonadi m'mawa uliwonse. Ankagwira pamwamba pa sokosi, naona kuti timitengo sitinasunthe, nakhutira. Phulusa anali atasiya kuluma sokosi ija, ndipo iwo ankati ndi chizindikiro chabwino. Ine ndinkaona kuti wasiya chifukwa sakumvanso kanthu. Pakati pa sabata kunayamba kafungo, kotsekemera moipa, kamene ndinkakamva ndikaika mphuno pafupi.

Pamenepo ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Tinali titangomaliza kudya, abambo ndi mkulu wawo akuonera mpira. Ndinapita kukagwada pafupi ndi mpando wa abambo aakulu, manja ali pamaondo.

"Abambo aakulu, phazi la Phulusa likununkha. Ndikupempha mumasule."

Ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinanena, chifukwa amayi kukhitchini anasiya kutsuka mbale. Koma mawu anga anali aang'ono, wailesi ya kanema inali pamwamba, ndipo ndinali kumbali ya khutu lawo logontha, chipewa chili pamwamba pake. Anawerama akumwetulira.

"Akuti chiyani mwanayu?"

Abambo anandiyang'ana. Sindinaonepo maso otero, opempha ndi oopseza nthawi imodzi.

"Akuthokoza, achimwene. Akuti mwamuthandiza galu wake."

"Aa, mwana waulemu. Usadandaule mama, athamanga posachedwa." Anandisisita pamutu ndi dzanja lomwe lija.

Ndinadzuka, ndinakatenga sizasi m'chikwama changa cha kusukulu, ndinatsika ndi Phulusa kuchipinda chapansi. Ndinali nditangolowetsa nsonga pansi pa tepi pamene amayi anandigwira dzanja. Sanandimenye. Anatsegula zala zanga chimodzichimodzi, natenga sizasi, naiika m'thumba la epuloni.

"Mawa m'mawa abambo aakulu akadzapeza phazi litamasulidwa, abambo ako adzati galu wabweretsa manyazi. Ukufuna achoke?"

Sindinkafuna. Amayi ankadziwa pondigwira.

Loweruka linafika. Abambo aakulu anatsanzikana nafe pakhomo, anapempherera nyumba, namugwira Phulusa kukhutu namutcha wodwala wawo. Abambo ananyamula masutikesi. Galimoto isanakhote n'komwe pangodya, amayi anali atavala kale jekete pamwamba pa yunifolomu, chifukwa masana anali ndi shifiti. M'thumba anatulutsa sizasi ya kuntchito, ija yopindika kunsonga. Ndiye kuti anali nayo m'thumbamo kuyambira m'mawa, mwina sabata yonse.

Anadula tepi pakhitchini. Sindifotokoza zonse zimene zinali pansi pake. Ubweya unachoka pamodzi ndi tepi, ndipo zala ziwiri zapakati zinali zakuda, osati kuda kwa galu koma kwa nthochi yoola. Phulusa sanalire. Anangonyambita dzanja la amayi. Amayi anapita kusinki natsegula mpopi, naima pamenepo atandifulatira, madzi akungotayika.

Tinamukulunga m'bulangeti ndipo tinayenda wapansi mpaka kwa dokotala wa ziweto, tikusinthana kunyamula, mphepo ikutibaya kumaso. Dokotalayo anali mayi wachikulire wa tsitsi lalifupi. Anaona phazi, namutenga kukamujambula mafupa. Atabwera anatisonyeza chithunzi pakompyuta, timafupa tating'ono toyera tondandalikana bwinobwino.

Panalibe fupa lothyoka. Anati chinali chikhadabo chong'ambika ndi kubinya pang'ono, zimene zikanapola zokha ndi kupuma. Koma zala ziwirizo zinali zitafa chifukwa magazi sankafikako, ndipo zinayenera kudulidwa tsiku lomwelo kuola kusanakwere mwendo. Kenako anafunsa, m'Chingerezi chodekha, kuti anamanga phazili ndani.

Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anandiyambirira.

"Ndine."

Dokotala anayang'ana yunifolomu imene inkaonekera pansi pa jekete, nayang'ana nkhope ya amayi. Anawafunsa ngati amagwira ntchito yosamalira odwala. Amayi anati inde. Dokotala anangolemba zake, koma ine ndinaona amayi anga, amene okalamba a ku Mississauga ankawalirira akakhala pa tchuthi, akuwerama mutu ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Ngakhale kumeneko, pamaso pa mzungu amene sakanakumana nawo konse abambo aakulu, dzina lawo linatetezedwa.

Phulusa anabwera kunyumba ndi bandeji yoyera yofewa, nsonga ya phazi ili poonekera, ndi chinthu chonga ndowa m'khosi kuti asanyambite. Abambo atamuona anakhala pansi pamasitepe osavula nsapato. Amayi anawafotokozera zonse. Atamva, abambo anati, "Achimwene asamve zimenezi."

Anachira msanga monga achitira ana. Pamene sinoo inkayamba kusungunuka anali akuthamanganso, motsimphina pang'ono, ndipo akaponda pa sinoo yofewa ankasiya mapazi atatu athunthu ndi limodzi la zala ziwiri zotalikirana, pakati pali mpata. Ndinkatha kuzindikira njira yake pakati pa mapazi a agalu onse a mumsewu mwathu. M'nyumba nkhaniyo sinkatchulidwa. Ine ndinabwerera ku "ee" ndi "ayi", koma tsopano sanalinso manyazi okha.

Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, abambo aakulu anaimba foni. Abambo anaikweza mawu kuti tonse timve, naiika patebulo. Anakamba za mvula, za chimanga, za maliro a kumudzi. Kenako mawu aja ansangala anafunsa kuti, "Nanga wodwala wanga akuyenda?"

"Akuthamanga ngati kale, achimwene. Manja anu aja ndi odala." Abambo anakankhira foni kwa ine. "Nayu mwini wake, akuthokozeni yekha."

Phulusa anali atagona pamapazi anga, phazi lija lili pamwamba pa silipasi yanga. Ndinaliyang'ana. Sindikudziwa kumene mawu anachokera, koma nthawi imeneyi anatuluka okwanira, ndipo foni ilibe khutu logontha.

"Abambo aakulu, Phulusa anamudula zala ziwiri. Fupa silinathyoke. Tepi inathina, magazi sankayenda, zala zinaola."

 M'foni ndinkamva nkhululu zikulira ku Ntcheu.

"Tepi ija siilekerera ngati luzi?" anafunsa abambo aakulu, mawu atatsika.

Kenako anaitana amayi.

"Mlamu, mulipo? Inu a kuchipatala, munaona zimenezi?"

"Ndinaona, alamu," amayi anatero.

"Munaona liti?"

"M'mawa mwake."

"Ndiye ine ndinakhala m'nyumba mwanu sabata yathunthu, ndikudya, ndikuseka, ndikugwira phazi loola m'mawa uliwonse n'kumati lili bwino, inu mukundiyang'ana? Kumasula kukanatenga nthawi yanji? Ine zinthu za kwanuko sindizidziwa, n'chifukwa chake muli ndi pakamwa." Anapuma. "Ndiye tsiku lija mwanayu atagwada, iwe mng'ono wanga, ankanena chiyani?"

Abambo anatenga foni, naitsitsa mawu, nalowa nayo kuchipinda. Anakhalako nthawi yaitali. Atatuluka maso awo anali ofiira, ndipo sanandiyang'ane.

Usiku umenewo ndinalemba m'kabuku kanga kuti mwina tsopano zinthu zikhala bwino, popeza abambo aakulu sanandikwiyire ine. Ndinali mwana. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu akachita manyazi amafunafuna wamng'ono woti awasenze.

Lachisanu ndikuchokera kusukulu sindinamve zikhadabo zikukanda chitseko. Mbale ya Phulusa inali yotsukidwa, yovundikiridwa pamwamba pa firiji. Bulangeti lake linali m'makina ochapira. Abambo anali pa tebulo, atapempha tchuthi cha tsikulo.

"Ndamupereka kwa mnzanga wa kuntchito, ali ndi malo aakulu kunja kwa tauni. Akakhala bwino kumeneko." Ankalankhula akuyang'ana kapu ya tiyi. "Ndinakuuza tsiku loyamba. Kale unali mwana waulemu. Galu ameneyu wakuphunzitsa mwano, wandiyalutsa kwa munthu amene anandilera."

Ndinafunsa dzina la malowo. Anati si nkhani ya ana. Amayi atabwera usiku anadzakhala m'mphepete mwa bedi langa, nandigwira phewa. Ndinatembenukira kukhoma. Ndinkakumbukira mmene anatsegulira zala zanga chimodzichimodzi pondilanda sizasi, akuti akuteteza kuti Phulusa asachoke. Zala zinapita, galu naye anapita.

Sindinamuonenso. Abambo aakulu anatumiza uthenga kudzera kwa munthu wina wobwera kuno kuti galu abwezedwe kwa mwana, koma abambo anati mnzawo uja anasamuka. Sindikudziwa ngati zinali zoona, ndipo lero, abambo atakalamba, tsitsi litayera, sindinawafunsebe. Timalankhulana bwino. Ndimawaperekeza kuchipatala, ndimawapatsa madzi ndi manja awiri. Koma pali chipinda china mumtima mwanga chimene sanalowemonso kuchokera Lachisanu lija.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la nkhaniyi ndi loti ukanena zoona umalangidwa, ndipo ndinakhala chete kusekondale konse. Ndazindikira mochedwa kuti si pamenepo. M'nyumba muja munalibe munthu wankhanza. Abambo aakulu ankafuna kuthandiza, amayi ankafuna mtendere, abambo ankafuna kubweza ulemu kwa amene anawalera. Koma ulemu umene tinawapatsa abambo aakulu sunali wawo. Iwo sanaupemphe, ndipo ataumva unawapweteka kuposa mmene mawu oti "alamu, tepiyi yathina" akanawapwetekera. Tinawayesa munthu wosatha kuuzidwa kanthu, n'kumati tikuwalemekeza. Amene ankatetezedwa ndi chete uja anali ife eni, kuti pasapezeke woyamba kutsegula pakamwa. Ndipo chete wotero sapita pachabe, pamakhala wina womulipira, kawirikawiri amene alibe mawu m'nyumbamo. Kwathu anali galu wa miyezi isanu ndi mtsikana wa mawu aang'ono.

Ndimagwadabe kwa akuluakulu, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma ndikagwada kuti ndinene chinthu, ndimayamba ndaona kuti khutu lomva lili mbali iti, ndipo sindilola munthu wina kundimasulira.

Phulusa ngati anakhala ndi moyo wautali, pano anafa kale ndi ukalamba. Ndikudziwa zimenezo. Komabe sinoo yoyamba ikagwa, popita kokwerera basi ndimapezeka ndikuyenda chowerama, ndikuwerenga mapazi a agalu m'mbali mwa msewu. Onse amakhala ndi zala zokwanira.